Zimbale za okhestra: kodi kumveka bwino kungapose kuzama kwa kaimbidwe?

Munthu amene wangoyamba kukonda nyimbo za okhestra amasokonezeka msanga akalemba dzina la nyimbo pa YouTube kapena pa Spotify. Iye wafuna simfone ya nambala 9 ya wopeka nyimbo Ludwig van Beethoven, koma m'malo mopeza nyimbo imodzi, akuona mndandanda wautali wa zimbale za nyimbo yomweyo, yokhala ndi manotsi omwewo. Akafunsa anthu odziwa kuti ayambire pati, ena amamulozera chimbale chojambulidwa posachedwapa, chomveka ngati oimbawo ali naye m'chipinda, pamene ena amaumirira chimbale cha mu 1951, chimene mawu ake ndi opanikizika ndipo muli malo amene oimba akuphonya poyera. Onsewo amalankhula motsimikiza, ndipo mkangano wawo ndi wakale: kodi chimbale chomveka bwino ndiponso choimbidwa mosaphonya chingapose chimbale chimene woimbitsa wake anaizamira nyimboyo, ngakhale kamvekedwe kake kali kosakoma?

Zinthu zitatu zimene zili m'chimbale chimodzi

Okhestra ndi gulu lalikulu la anthu oimba ndi zida, nthawi zambiri pakati pa 80 ndi 100, ndipo zida zawo zili m'mabanja anayi: za nsambo monga vayolini, zitoliro, malipenga, ndi zomenya monga ng'oma. Simfone ndi nyimbo yaitali yolembedwera gulu lotere, yomwe kawirikawiri imakhala ndi zigawo zinayi. Kutsogolo kwa gululi kumaima wotsogolera, amene saimba chida chilichonse, koma ndiye amasankha mmene nyimbo iyendere.

Anthu akamatsutsana za luso, nthawi zambiri amasakaniza zinthu ziwiri zosiyana. Choyamba ndi luso la oimba eni ake: kuyamba pamodzi, kusiya pamodzi, kugunda noti iliyonse pamalo pake, ndiponso kutulutsa mawu osalala ngakhale pamalo ovuta. Chachiwiri ndi luso la ojambula: kusankha holo, kuika maikolofoni pamalo oyenera, kulinganiza mphamvu ya zida kuti malipenga asamize zitoliro, ndi kulumikiza zidutswa zojambulidwa nthawi zosiyana kuti zimveke ngati ulendo umodzi. Chinthu chachitatu ndi chimene tikuchitcha kamasuliridwe, kutanthauza zosankha zonse zimene wotsogolera amapanga pa zinthu zimene wopeka nyimbo sanathe kuzilemba papepala.

Aliyense amene anakhalapo m'tchalitchi amachidziwa chinthu chachitatuchi ngakhale sanachipatse dzina. Anthu awiri akhoza kuwerenga ndime imodzimodzi ya Malemba, onse osaphonya liwu, koma wina akawerenga anthu amangodikira kuti amalize, pamene wina akawerenga tchalitchi chonse chimakhala chete, chifukwa wadziwa pamene ayenera kupuma, liwu loti alilemeze, ndi pamene ayenera kutsitsa mawu. Kuwerenga kosaphonyako ndilo luso la oimba, chokuzira mawu chimene akulankhulirapo ndicho luso la ojambula, ndipo chimene chakhalitsa anthu chete ndicho kamasuliridwe.

Chimene pepala silinena

Wina angafunse kuti, ngati manotsi onse analembedwa, wotsogolera akumasulira chiyani? Chitsanzo chapafupi ndi chiyambi cha simfone ya nambala 5 ya Beethoven, chimene anthu ambiri anachimvapo: manotsi atatu aafupi ndi imodzi yaitali. Pamwamba pa noti yaitaliyo Beethoven anaika chizindikiro chouza oimba kuti aigwire, koma chizindikirocho sichinena kuti aigwire kwa masekondi angati. Wotsogolera wina amaigwira mpaka omvera agwire mtima, wina amaisiya msanga ngati munthu amene akuthamangitsidwa, ndipo kusiyana kwa sekondi imodzi kapena ziwiri pamenepo kumasintha mmene chigawo chonse chimvekere. Chimodzimodzinso, pepala likati "mokweza", silinena kuti mokweza bwanji poyerekeza ndi pamene linati "mokweza" mphindi zitatu zapitazo, ndipo zida khumi zikamaimba nthawi imodzi, silinena chimene khutu liyenera kutsatira.

Kusiyana kumeneku kumaoneka ngakhale pa wotchi. Wilhelm Furtwängler ataimbitsa simfone ya nambala 9 ku Bayreuth, m'dziko la Germany, pa 29 July 1951, nyimboyo inatenga pafupifupi mphindi 74. Arturo Toscanini ataijambula ku New York mu 1952, inatenga pafupifupi mphindi 65. Chigawo chachitatu, chomwe ndi chodekha, Furtwängler amachiyendetsa kwa mphindi pafupifupi 20, pamene John Eliot Gardiner, amene m'zaka za m'ma 1990 anayesetsa kutsatira manambala a liwiro amene Beethoven mwini anasiya, amachimaliza m'mphindi pafupifupi 12. Pa Furtwängler chigawochi chimamveka ngati pemphero la munthu amene sakufuna kudzuka pamene wagwada, pa Gardiner chimamveka ngati nyimbo yoimbidwa munthu akuyenda. Onsewo ankawerenga pepala limodzi.

Mmene makina anasinthira nkhaniyi

Kwa nthawi yaitali funso lathuli silinkafunsidwa n'komwe, chifukwa panalibe chimbale chimene chinkamveka ngati okhestra yeniyeni. Arthur Nikisch atajambula simfone ya nambala 5 ndi gulu la Berlin Philharmonic mu 1913, kunalibe maikolofoni. Oimba ankaunjikana kutsogolo kwa chinthu chonga fanulo yaikulu, imene inkatengera mawu ku singano yolemba pa phula, ndipo m'nyengo imeneyo ojambula ankachepetsa chiwerengero cha oimba, nthawi zina n'kuika lipenga lalikulu m'malo mwa zida za nsambo zolira pansi, chifukwa makinawo sankazimva. Kujambula pogwiritsa ntchito magetsi kunayamba mu 1925, koma mbale za galamafoni za nthawiyo zinkatenga mphindi zinayi kapena zisanu zokha mbali imodzi, moti nyimbo ya ola lathunthu inkaduladulidwa. Mbale zotenga mphindi zopitirira 20 mbali imodzi zinabwera mu 1948.

Chimene chinasintha zinthu kwenikweni ndi tepi. Tepi imadulidwa ndi lumo kapena lezala n'kumatidwanso, choncho woimba lipenga akaphonya pa mphindi ya 12, sipafunika kubwereza nyimbo yonse: amabwereza kachidutswa kokhako, ndipo ojambula amakaika pamalo pake. Kuyambira pamenepo chimbale chinasiya kukhala umboni wa chimene chinachitika tsiku limodzi, chinakhala chinthu chomangidwa. Nkhani yodziwika bwino ndi ya mu 1952, pamene Furtwängler ankajambula ku London opera ya Richard Wagner yotchedwa Tristan und Isolde, opera kutanthauza sewero loimbidwa limodzi ndi okhestra. Woimba wamkulu, Kirsten Flagstad, anali atakula ndipo manotsi ena apamwamba kwambiri ankamuvuta, motero Elisabeth Schwarzkopf ndiye anamuimbira manotsiwo. Chimbale chimene anthu amachitamanda chifukwa cha kuzama kwake chilinso ndi chigamba cha ojambula mkati mwake.

Kenaka kunabwera sitiriyo, njira yojambulira mawu m'mizere iwiri, wa kumanzere ndi wa kumanja, kuti womvera azindikire kumene chida chilichonse chakhala. Kampani ya RCA inajambula Fritz Reiner ndi gulu la Chicago Symphony mwa njira imeneyi mu March 1954, ndipo zimbalezo zimamvekabe modabwitsa mpaka lero. Mainjiniya a kampani ya Decca anapeza njira yawo yopachika maikolofoni atatu pamwamba pa wotsogolera, awiri m'mbali ndi imodzi patsogolo, njira imene ojambula ambiri akuigwiritsabe ntchito. Apa m'pamene kamvekedwe kanayamba kugulitsa chimbale pakokha. Kampani ya Mercury itajambula nyimbo ya Pyotr Tchaikovsky yotchedwa 1812 ndi wotsogolera Antal Doráti, inaikamo kulira kwa mfuti yaikulu yeniyeni ndi mabelu enieni, ndipo anthu ochuluka anachigula chimbalecho kuti ayesere galamafoni yawo yatsopano. Palibe choipa pamenepo, koma munthu wogula chimbale chifukwa cha mfuti sakufunsa funso limene wokonda Furtwängler amafunsa.

Mayina awiri amene mkanganowu umazungulirapo

Furtwängler anatsogolera Berlin Philharmonic kwa zaka zambiri mpaka imfa yake mu 1954, ndipo Herbert von Karajan ndiye analowa m'malo mwake n'kukhalapo mpaka 1989. Gulu limodzi, anthu awiri, ndipo anthu akafuna kufotokoza mbali ziwiri za nkhaniyi amatchula iwowa.

Furtwängler sankaikonda situdiyo. Zimbale zake zambiri zimene anthu amazilemekeza zinajambulidwa pamaso pa omvera, zina ndi wailesi ya Germany pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndipo matepi a nthawi ya nkhondoyo anatengedwa ndi asilikali a Soviet Union kupita nawo ku Moscow, kumene anakhala zaka zambiri asanabwezedwe. Kukhala kwake m'Germany pa ulamuliro wa chipani cha Nazi ndi nkhani imene anthu amatsutsanabe, ndipo womvera zimbale za nyengoyo ayenera kudziwa kumene zinachokera. Kaimbitsidwe kake kanali kosinthasintha liwiro: ankakokera nyimbo kumbuyo pamene akufuna kuti ilemere, n'kuithamangitsa pamene ikufika pachimake. M'chimbale cha ku Bayreuth cha 1951, masekondi omaliza amathamanga kwambiri moti okhestra imalephera kukhala pamodzi, ndipo munthu woweruza ndi khutu la luso lokha anganene mosanama kuti pamenepo zinthu zabalalika. Okonda chimbalechi amayankha kuti kubalalikako ndi kwa anthu amene chimwemwe chawapitirira, ndiponso kuti tsikulo linali lotsegulanso chikondwerero cha nyimbo cha ku Bayreuth pambuyo pa nkhondo, moti nyimbo yonena za ubale wa anthu onse inali ndi kulemera kumene situdiyo singakupange.

Karajan anali wosiyana naye. Iye ankakonda makina, ankakhala ndi chidwi ndi zochitika m'chipinda cha ojambula, ndipo anajambula masimfone onse asanu ndi anayi a Beethoven kanayi: koyamba ndi okhestra ya ku London m'zaka za m'ma 1950, kenaka katatu ku Berlin, mu 1961 ndi 1962, m'zaka za m'ma 1970, ndi m'zaka za m'ma 1980. Chimbale chake cha nyimbo ya Richard Strauss yonena za mapiri a Alps, chojambulidwa mu 1980, chinali m'gulu la zoyamba kuikidwa pa CD. Mawu a okhestra yake anali osalala, olumikizana, opanda mpata pakati pa noti ndi noti, ndipo zida za nsambo zinkamveka ngati chida chimodzi chachikulu. Omutsutsa amati kusalala kumeneku ankakupaka pa nyimbo iliyonse, kaya ndi ya Mozart, ya Brahms kapena ya Stravinsky, ngati mmisiri amene mpando uliwonse amaupaka vanishi yemweyo mpaka mtundu wa mtengo usadziwike. Omukonda amati kukongola kwa mawu n'kumene kunali kamasuliridwe kake, ndipo amalozera zimbale zake za Strauss, Sibelius ndi Bruckner, kumene kusalalako kumanyamula nyimbo yaitali osaidula mpweya.

Pamenepa ndikuona kuti mbali zonse ziwiri zimalakwitsa zikamalankhula ngati Furtwängler analibe luso, kapena ngati Karajan analibe maganizo. Kuti okhestra itsatire munthu wosintha liwiro mphindi iliyonse pamafunika luso lalikulu zedi, ndipo kuti anthu 100 atulutse mawu amodzi osalala pamafunika munthu amene wasankha kuti nyimboyo imveke choncho.

Pamene malire amasokonekera

Chovuta chachikulu pa funsoli n'chakuti kamasuliridwe kamatifikira kudzera m'mawu amene tikumva, ndipo palibe njira ina. Ngati wotsogolera anagwira ntchito masiku atatu kuti kachitoliro kena kamveke pansi pa malipenga, koma ojambula sanakatole, ndiye kuti maganizo akewo sanafike kwa ife. Mbali inanso, kuyambira m'zaka za m'ma 1960 makampani ena anayamba kuika maikolofoni ambirimbiri, pafupifupi gulu lililonse la zida ndi yake, moti injiniya atakhala pa makina ake akhoza kukweza chitoliro chimodzi kuposa mavayolini 30. Kusankha chida chimene khutu litsatire ndi ntchito ya wotsogolera, koma apa yagwera m'manja mwa munthu amene omvera samudziwa dzina. Chimene timachitcha kuzama kwa wotsogolera nthawi zina ndi nzeru za ojambula, ndipo chimene timachitcha kamvekedwe koipa nthawi zina ndi chipinda. Zimbale zambiri za Toscanini zinachokera mu situdiyo ya wailesi ya NBC yotchedwa 8H, imene inali youma, yosabweza mawu, ndipo mbiri yoti iye anali wouma ndi waukali inakulitsidwa ndi chipindacho.

Chitsanzo chimene chimaonetsa bwino kusakanikirana kumeneku ndi maopera anayi a Wagner otchedwa Ring, amene onse pamodzi amatenga maola pafupifupi 15. Kampani ya Decca inawajambula ku Vienna kuyambira 1958 mpaka 1965, wotsogolera ali Georg Solti, woyang'anira ntchito yojambula ali John Culshaw. Culshaw ankakhulupirira kuti chimbale chiyenera kupangira khutu sewero lathunthu. Pamene Wagner analemba kuti pamveke zitsulo 18 zosulirapo, iye anapezadi zitsulo 18, oimba ankasuntha kuchoka kumanzere kupita kumanja monga pa siteji, ndipo pamalo ena mawu a woimba anasinthidwa ndi makina kuti amveke ngati a munthu wina, monga nkhani ya seweroyo ikufunira. Ambiri amaiwerengera ntchitoyi pakati pa zazikulu kwambiri m'mbiri yojambula nyimbo, pamene ena amati Solti amathamangira pachimake paliponse ndipo sasiya nyimbo kuti ipume. Chochititsa chidwi n'chakuti Decca yomweyo inali itajambula kale maopera amenewa mu sitiriyo ku Bayreuth mu 1955, pamaso pa omvera, wotsogolera ali Joseph Keilberth, koma matepiwo anasungidwa osatulutsidwa mpaka 2006. Atatuluka, anthu anapeza mwayi woyerekeza sewero lomangidwa mosamala mu situdiyo ndi sewero lochitika pa siteji pamaso pa omvera ndi zophonya zake, ndipo sanagwirizanebe chimodzi.

Panalinso wotsogolera amene anakana nkhani yonseyi. Sergiu Celibidache, amene anatsogolera Munich Philharmonic kuyambira 1979 mpaka imfa yake mu 1996, kwa zaka zambiri sankalola kuti zimbale zake zigulitsidwe, chifukwa ankakhulupirira kuti liwiro loyenera la nyimbo limachokera ku mmene mawu akumvekera m'holo imeneyo pa tsiku limenelo, ndipo maikolofoni sangatole zonsezo. Atamwalira, banja lake linalola kuti zojambulidwa pa makonsati ake zitulutsidwe. Ena akazimvera amati n'zochedwa mopitirira, ndipo zimenezi n'zimene iye ankaopa: liwiro limene linali lomveka m'holo likhoza kuoneka lochedwa pa sipika ya kunyumba.

Mtundu wa nyimbo, ndi khutu la womvera

Yankho limasinthanso malinga ndi nyimbo imene ikukambidwa. Pali nyimbo zimene tanthauzo lake lili m'kamvekedwe ka zida kenikeniko. Boléro ya Maurice Ravel imabwereza nyimbo yomweyo kwa mphindi pafupifupi 15, ikungosintha zida ndi kukwera pang'onopang'ono kuchokera pa kang'oma kolira motsitsa mpaka okhestra yonse, choncho chimbale cholephera kusiyanitsa zidazo, kapena chimene mawu otsika ndi okwera afanana mphamvu, chachotsa nyimboyo pamalo pake. N'chimodzimodzi ndi nyimbo zambiri za Debussy, Mahler ndi Stravinsky. Koma masimfone a Beethoven ndi Brahms amaima kwambiri pa kamangidwe: mmene kanyimbo kakang'ono kakukulira, kubwerera ndi kusandulika. Kamangidwe kamapyola ngakhale m'chimbale chakale chokanda, monga mmene nkhani yabwino imamvekera pa wailesi ya mabatire ofooka. N'chifukwa chake okonda Beethoven amapirira zimbale za m'ma 1940, pamene okonda Ravel ochepa okha ndiwo amatero.

Khutu nalo limaphunzira. Munthu amene akuimva simfone koyamba alibe choyerekeza nacho, ndipo sangadziwe kuti wotsogolera wachedwetsa malo ena, popeza sakudziwa mmene ena amayendetsera malowo. Kwa iye chimbale chomveka bwino n'chothandiza kwambiri, chifukwa chimamuonetsa zida zonse ndi zigawo zonse. Amene waimva nyimboyo maulendo 50 safunanso kuonetsedwa zimenezo, akufuna kumva chimene munthu wina anapezamo, ndipo khutu lake limadzaza lokha zimene maikolofoni akale anataya. Anthu awiriwa akamatsutsana, nthawi zambiri aliyense akunena zoona za pamene iye waima. Palinso nkhani ya kubwereza: kuphonya kumene m'holo kumadutsa kamodzi n'kuiwalika, m'chimbale kumabwera pa sekondi yomweyo nthawi zonse, ndipo pali anthu amene amayamba kukudikira mpaka nyimbo kuwaonongekera. Koma kusalala kopanda maganizo nakonso kumatopetsa pobwereza, chifukwa ulendo wachitatu munthu sapezamo chimene sanachimve ulendo woyamba.

Sikuti nthawi zonse munthu amakakamizika kusankha. Chimbale cha Carlos Kleiber cha simfone ya nambala 5 ya Beethoven, chojambulidwa ndi Vienna Philharmonic mu 1974, chimatamandidwa ndi mbali zonse ziwiri, chifukwa oimba ali pamodzi mosaphonya, kamvekedwe n'kabwino, ndipo kuyambira pa manotsi anayi oyamba aja nyimbo imakokera womvera kutsogolo osamusiya. Kleiber anajambula zimbale zochepa kwambiri pa moyo wake wonse, ndipo ankadziwika kuti amafuna nthawi yaitali yokonzekera ndi oimba asanalole kuti tepi iyambe kuzungulira.

Chotsalira ndi chida chimene womvera ali nacho. Nyimbo za okhestra zili ndi mtunda waukulu pakati pa mawu otsika kwambiri ndi okwera kwambiri, kuposa nyimbo zambiri za pa wailesi, ndipo zimbale zamakono zimasunga mtundawo mokhulupirika. Simfone ya nambala 9 imayamba ndi mavayolini ndi malipenga akulira motsitsa kwambiri, ngati chinthu chikutuluka mu nkhungu. Munthu womvera pa sipika ya foni, kapena ndi timahedifoni totchipa ali m'minibasi, samva kalikonse kwa masekondi angapo oyambawo, amakweza mawu, kenaka okhestra yonse ikagwa pamodzi amathamangira kutsitsa. M'malo otere phindu lalikulu la chimbale chamakono latayika, ndipo chimbale chakale, chimene mawu ake otsika ndi okwera anayandikana chifukwa cha kuchepa mphamvu kwa makina a nthawiyo, chikhoza kumveka bwino kuposa chatsopanocho. Chimbale chatsopano chomwecho, chikamveredwa usiku m'chipinda chabata ndi mahedifoni abwino, chimaonetsa kanjenjemera ka mavayolini achiwiri ndi zida za nsambo zolira pansi, kamene Beethoven anaika pansi pa manotsi oyambawo.